Kadinala Richelieu: munthu anafa 1642 koma dzina likungoyendabe

Ku France ukalowa mu shopu ya nsapato nkunena kuti ukufuna richelieu, sakufunsa kuti ukunena kadinala uti, angokutengera nsapato yachikopa yazingwe, zija zovalira suti. Ku Paris kuli msewu wa Richelieu, kuli siteshoni ya sitima zapansi ya Richelieu-Drouot, mbali imodzi yonse ya Louvre, nyumba yaikulu yoonetsera zinthu zakale, imatchedwa Richelieu, ku Canada kuli mtsinje, ku Odesa m'dziko la Ukraine kuli chiboliboli, ndipo panali sitima yankhondo yaikulu zedi yomwe inkadziwika ndi dzina lomweli. Ine chimene chimandikoka pa nkhaniyi si kuchuluka kwa malowa ayi. Ndi choti mwini dzinayu, kadinala yemwe anali nduna yaikulu ya mfumu ya France, anali munthu wofuna chilichonse chiyende mmene wakonzera iye, mpaka mmene anthu adzamukumbukire anakonzeratu ndipo anathirapo ndalama zoopsa, koma iye atangotsikira kuli chete dzinalo linayamba kuyenda njira zake osamufunsa.

Dzina lake lenileni anali Armand Jean du Plessis, anabadwa pa 9 Sepitembala 1585. Richelieu linali dzina la malo a banja lawo kumudzi, banja lolemekezeka ndithu koma osati la pamwamba penipeni, ndipo bambo ake François atamwalira mu 1590 anasiya ngongole zokhazokha. Mnyamatayu sankaphunzira zaunsembe poyamba ayi, ankakonzekera usilikali, kukwera hatchi, kugwira lupanga, zoterozo. Koma banjali linali ndi chinthu chimodzi chobweretsa ndalama, dayosizi ya Luçon, yomwe mfumu Henri III inawapatsa ngati mphotho, kutanthauza kuti episkopi wa kumeneko ankayenera kuchokera m'banjamo ndipo ndalama za dayosizi zinkathandiza pakhomo. Mpandowo ankasungira mkulu wake Alphonse, koma Alphonse anakana, anakalowa chipani cha amonke a Chartreux kukakhala chete m'nyumba ya mapemphero. Ndiye mutani? Armand anavula za usilikali nkuyamba kuwerenga za Mulungu mwaliwiro, ndipo mu 1607 anadzozedwa uepiskopi ku Rome ali ndi zaka 21 zokha, mpaka Papa anachita kupereka chilolezo chapadera poti zaka zinali zisanakwane.

Apa anthu ambiri amafulumira kunena kuti basi ameneyu anali wandale chabe wovala mkanjo, za Mulungu analibe nazo ntchito. Ine sindivomereza kwenikweni. Ku Luçon, dera losauka la madambo ndi malungo, anagwira ntchito ya uepiskopi mwakhama, ankayendera maparishi, ankalimbana ndi ansembe osaphunzira, analemba ndi katekisimu yemwe. Chikhulupiriro anali nacho, kungoti mtima wofuna mpando unali waukulu kuposa dayosiziyo.

Mwayi unabwera pa msonkhano waukulu wa dziko wa États généraux mu 1614, pomwe atsogoleri a mpingo anamusankha kuti awayankhulire. Anayankhula bwino, mayi a mfumu Marie de Médicis omwe ankalamulira dziko m'malo mwa mwana wawo anamuona, ndipo pofika 1616 anali nduna. Koma anakwera pogwira mwendo wa munthu wolakwika, Concini, Mtaliyana yemwe anali kamnzake ka mayiwo ndipo anthu ankadana naye koopsa. Mu 1617 mfumu yachinyamata Louis XIII inatopa nazo, Concini anawomberedwa pakhomo la Louvre, yomwe panthawiyo inali nyumba ya mfumu, mayi anathamangitsidwa, Richelieu naye anaona msana wa njira mpaka kukapezeka ku Avignon mu 1618. Wina akanathera pomwepo. Iyeyu anadikira, nkudzipanga kukhala mkhalapakati woyanjanitsa mayi ndi mwana, chipewa chofiira cha ukadinala anachilandira mu 1622, ndipo mu 1624 analowa m'bwalo la nduna nkukhala wamkulu wa onse m'miyezi yochepa chabe. Anakhalapo zaka 18 mpaka imfa.

Tsopano kuti mumvetse chifukwa chake ena amamutamanda ena nkumalavula akamva dzinali, yambani ndi La Rochelle. Mzinda umenewu unali doko lolemera, likulu la Apulotesitanti a ku France aja ankatchedwa ma Huguenot. Lamulo la Nantes la 1598 linawapatsa ufulu wopemphera komanso mizinda yawo yamalinga ndi asilikali awoawo, ndiye kwa Richelieu limeneli linali ngati boma lina mkati mwa boma, ndipo pamene Angelezi motsogozedwa ndi Buckingham anatera pa chilumba cha Ré mu 1627 kudzawathandiza, anati basi zakwana. Anazinga mzindawo kumtunda ndi malinga, koma vuto linali kunyanja komwe sitima za Angelezi zikanabweretsa chakudya. Ndiye anachita chinthu chomwe anthu ankati nchamisala, anamanga khoma m'nyanja momwemo lotseka khomo la doko, lotalika pafupifupi mamita 1,400, anamiza sitima zakale zodzaza miyala nkumanga pamwamba pake, nkuyikapo mizinga. Kadinala wa mpingo, iye mwini ali pomwepo kuyang'anira ntchito ngati kapitawo. Angelezi anabwera kawiri ndi sitima zawo mu 1628, analephera kudutsa khomalo nkubwerera.

M'kati mwa mzinda anthu anadya mahatchi, agalu, makoswe, mpaka zikopa zowiritsa. Meya wawo Jean Guiton anakana kugonja kwa miyezi yambiri. Pamene ankatsegula zipata kumapeto kwa Okutobala 1628, patatha miyezi 14, mwa anthu pafupifupi 27,000 anatsala ngati 5,000 okha. Tangoganizani, anthu oposa 20,000, ambiri mwa iwo osati asilikali ayi, azimayi ndi ana ofa ndi njala. Omukonda amati koma taonani zomwe anachita kenako, pa mtendere wa Alès mu 1629 anawalanda malinga ndi asilikali koma anawasiyira ufulu wopemphera mwa chipembedzo chawo, zomwe Akatolika olimba mtima sanakondwere nazo mpang'ono pomwe. Nzoona zimenezo, ndipo pa nthawi imeneyo chinali chinthu chachilendo. Koma ine ndikamva wina akuti dziko limafuna mtsogoleri wolimba ngati Richelieu ndimafuna ayambe watchula nambala ija kaye, kenako tikambirane.

Atathana ndi ma Huguenot panatsala mabwana akuluakulu a m'mabanja achifumu, anthu okhala ndi malinga awo, asilikali awo, ozolowera kuti akakwiya amangoukira mfumu kenako nkupatsidwa ndalama kuti akhale chete. Mu 1626 linatuluka lamulo logwetsa malinga onse omwe sanali m'malire a dziko. Chaka chomwecho lina loletsa mchitidwe womenyana awiriawiri ndi malupanga chifukwa cha ulemu, womwe unkapha achinyamata ambiri apamwamba. Malamulo otere analipo kale koma aliyense ankangowaseka. Ndiye bwana wina, Montmorency-Bouteville, pofuna kuonetsa kuti iye ndi iye, anakamenyana masanasana pa Place Royale pakati pa Paris mu 1627. Anamudula mutu. Abale ake anapempha, anthu otchuka anagwada, koma ayi ndithu. Mu 1632 anadulanso mutu wa Duke wa Montmorency ku Toulouse, mmodzi mwa anthu akuluakulu kwambiri m'dziko lonse, chifukwa cholowa chiwembu ndi Gaston mng'ono wa mfumu. Gaston mwiniwakeyo, poti ndi magazi a mfumu, nthawi zonse ankapulumuka nkusiya anzake akunyongedwa, munthu ameneyu ndiye ndimadana naye kwambiri mu nkhani yonseyi, kuposa kadinalayo.

Tsiku lomwe ndimalikonda ndi la mu Novembala 1630 lomwe Afalansa amalitcha Journée des Dupes, tsiku la opusitsidwa. Marie de Médicis, yemwe anamukweza poyamba uja, anali atadana naye tsopano, ndipo ku nyumba yake ya Luxembourg anapanikiza mwana wake kuti asankhe, mayi wako kapena kadinala. Richelieu analowa m'chipindamo mosayitanidwa, mayi anamulalatira koopsa, iye anagwada nkulira, mfumu inatuluka osanena kanthu nkupita ku kanyumba kake kosakirako nyama ku Versailles. Aliyense anaona kuti kadinala watha. Anthu a kunyumba yachifumu anathamangira kwa mayi kukawayamikira, ena atayamba kale kugawana maudindo, Richelieu mwiniwake akulongedza katundu kuti athawe. Madzulo ake mfumu inamuyitana ku Versailles nkumuuza kuti akhalebe. Kutacha onse othamangira kwa mayi aja anangoti kakasi. Michel de Marillac yemwe ankayembekezera mpandowo anafera m'ndende, m'bale wake Louis, mkulu wa asilikali, anadulidwa mutu mu 1632, ndipo mayi a mfumu anathawa m'dziko mu 1631 osadzaonananso ndi mwana wawo, anakafera ku Cologne mu 1642 ali wosauka.

Nkhani imeneyi imaonetsa chinthu chomwe mafilimu amalakwitsa nthawi zonse. Amamujambula Louis XIII ngati chidole chomwe kadinala anachiyika m'thumba. Ayi. Mphamvu zonse za Richelieu zinkapachikika pa mawu amodzi a mfumu, ndipo ankadziwa zimenezo tsiku lililonse, nchifukwa chake anali ndi akazitape paliponse ndipo sankagona tulo. Louis sankamukonda kwenikweni ngati mnzake, koma anaona kuti munthuyu akugwira ntchito yomwe iye akuifuna, ndiye anasankha nduna kusiya mayi ake omubereka.

Kunja kwa dziko ndiye kumene anadabwitsa anthu kwambiri. Nkhondo ya zaka 30 inali ikuyaka ku Germany kuyambira 1618, Akatolika a banja la Habsburg, olamulira Spain ndi Austria, kulimbana ndi mafumu a Chipulotesitanti. Mungaganize kuti kadinala wa Roma akhala mbali ya Akatolika anzake eti? Iye anayang'ana mapu nkuona kuti France yazunguliridwa ndi ma Habsburg kummwera, kumpoto ndi kummawa, ndiye munthu yemweyo wopha Apulotesitanti ndi njala ku La Rochelle anayamba kulipira Apulotesitanti akunja. Pa pangano la Bärwalde mu 1631 analonjeza mfumu ya Sweden, Gustavus Adolphus, ma livre, ndalama za ku France za nthawiyo, 1 miliyoni pachaka kuti asunge gulu lankhondo ku Germany. Amene ankamuyendetsera zambiri mwa nkhani zachinsinsizi anali wansembe wa chipani cha Capuchin, Père Joseph, wovala mkanjo wotuwa wosaoneka bwino, ndipo mpaka lero munthu wolamulira mobisala kumbuyo kwa mtsogoleri amatchedwa éminence grise chifukwa cha iyeyu. Sweden itayamba kufooka, France inalowa yokha nkhondo ndi Spain mu 1635, ndipo chaka chotsatira zinthu zinavuta mpaka adani analanda Corbie, anthu a ku Paris kuyamba kuthawa.

Nkhondo imadya ndalama, ndipo zambiri mwa ndalamazo sizinkachokera kwa mabwana kapena ku mpingo, zinkachokera kwa alimi. Misonkho inakwera mowirikiza, ndipo kuti itoleredwe anayamba kudalira kwambiri ma intendant, nthumwi za mfumu zotumizidwa m'zigawo zomwe zinkayankha ku likulu basi osati kwa mabwana a m'deralo. Alimi anaukira, ma Croquant kummwera chakumadzulo mu 1636 ndi 1637, ma Nu-pieds ku Normandy mu 1639 pa nkhani ya msonkho wa mchere, ndipo onsewa anathiridwa asilikali. Pamene anthu akuvutika choncho iye mwini anasonkhanitsa chuma chomwe olemba mbiri amachiyerekeza pa ma livre 20 miliyoni. Ndiye musadabwe kumva kuti atamwalira anthu wamba m'madera ena anayatsa moto wa chikondwerero.

Thupi lake linali lodwaladwala moyo wonse, mutu waching'alang'ala, zithupsa, zilonda. Mu 1642 ali gone anatulukirabe chiwembu cha Cinq-Mars, mnyamata wa zaka 22 wokondedwa wa mfumu yemwe iye mwini anamubweretsa kunyumba yachifumu, nkumudulitsa mutu ku Lyon mu Sepitembala. Pobwerera ku Paris ankamunyamula pa machira aakulu ngati chipinda, moti m'nyumba zina ankachita kuboola khoma kuti alowe. Anamwalira pa 4 Disembala 1642 ali ndi zaka 57, atasiya Mazarin, kadinala mnzake wa ku Italy, kuti apitirize ntchito. Mfumu inamutsatira patangotha miyezi isanu.

Tsopano tibwere ku dzina. Munthuyu anamanga zinthu zitatu zikuluzikulu zoti zimusungire dzina, ndipo muone mmene zinathera.

Choyamba, kumudzi kwawo kuja. Kuyambira 1631 katswiri wa zomangamanga Jacques Lemercier anamumangira nyumba yachifumu yaikulu zedi pamalo pa nyumba ya makolo, yodzaza zithunzi ndi ziboliboli zodula, mpaka ziboliboli ziwiri za akapolo zosemedwa ndi Michelangelo zomwe lero zili ku Louvre zinakhalapo kumeneko. Sizinamukwane, pambali pake anamanga tawuni yathunthu yatsopano nkuitcha Richelieu, yamakona anayi, pafupifupi mamita 700 mulitali ndi 500 mulifupi, misewu yowongoka ngati yojambula ndi rula, nyumba 28 zofanana ndendende mu msewu waukulu. Nyumbazo anamanga ndi anthu ofuna kumusangalatsa, akuluakulu a boma ndi azandalama, osati poti ankafuna kukhala kuthengo kumeneko ayi. Atangomwalira onse anathawa nkubwerera ku Paris. Chomvetsa chisoni kapena choseketsa, kaya, nchakuti iye mwini ntchito inamuchulukira moti sanakhalemo m'nyumba yachifumuyo. Pambuyo pa chipolowe chachikulu choukira ufumu cha 1789 nyumbayo inalandidwa, mu 1805 inagulitsidwa kwa munthu wabizinesi yemwe anaigwetsa nkumagulitsa miyala. Tawuni ija ilipobe, yokongola, ya anthu osafika 2,000.

Chachiwiri ndi nyumba yake ya ku Paris, Palais-Cardinal, pafupi ndi Louvre, yokhala ndi holo yake ya zisudzo poti mkuluyu ankakonda zisudzo kwambiri. Anaisiyira mfumu, banja lachifumu litasamukiramo dzina linasintha kukhala Palais-Royal, za kadinala zinathera pomwepo.

Chachitatu ndi manda. Iye anali mkulu woyang'anira Sorbonne, sukulu ya ukachenjede ya ku Paris, kuyambira 1622, anaimanganso ndi ndalama zake, nkumangapo tchalitchi chokongola choti adzagonemo, ndipo mu 1694 anamuyikira chipilala cha mwala wa mabo chosemedwa ndi Girardon. Anagona mwamtendere zaka 150. Mu Disembala 1793 anthu oukira ufumu anathyola mandawo, anatulutsa mtembo, nkuudula mutu. Munthu wodula mitu ya anzake uja. Mbali ya kumaso ya mutuwo wina anaitenga, inakhala ikusungidwa m'banja lina ku Bretagne kwa zaka zambirimbiri ngati katundu wa m'nyumba, mpaka mu 1866 pa ulamuliro wa Napoleon III anaibweza ku Sorbonne ndi mwambo waukulu. Ngakhale pamenepo sanamusiye, mu 1895 wolemba mbiri Gabriel Hanotaux anautulutsanso kuti auone nkuujambula.

Zomwe zinakhalitsa ndi zomwe sanazipatse dzina lake. Académie française, bungwe loyang'anira chilankhulo cha Chifalansa lomwe analikhazikitsa mu 1635, linayamba ngati kagulu ka anthu okonda zolemba omwe ankakumana mwakachetechete kunyumba kwa mnzawo. Kadinala atamva anati ayi, muzikumana pansi pa chitetezo changa, ndipo musaganize kuti chinali chikondi cha chilankhulo chokha, munthu yemweyu ndi amene anathandiza Théophraste Renaudot kuyambitsa nyuzipepala ya La Gazette mu 1631 nkumalembamo nkhani zokomera boma iye mwini. Ankadziwa kuti olemba ukawasiya okha amavuta. Koma bungwelo lilipobe ndi mipando yake 40, dikishonale yawo yoyamba inatuluka mu 1694, yachisanu ndi chinayi anaimaliza mu 2024, liwiro la kamba lenileni. Mzimayi woyamba analowamo mu 1980, ndipo mu 1983 anasankha Léopold Sédar Senghor, mtsogoleri wakale wa Senegal, munthu woyamba wa ku Africa kukhala pa umodzi mwa mipandoyo.

Kutsidya kwa nyanja nakonso anasiya phazi ngakhale sanapondeko. Mu 1626 anadzitengera udindo woyang'anira za panyanja ndi malonda, mu 1627 anakhazikitsa kampani ya Cent-Associés yoti idzaze anthu ku New France, madera a France ku Canada, ndipo lamulo lake linali loti opita kukakhazikika kumeneko akhale Akatolika okha. Mtsinje wochokera ku nyanja ya Champlain kukathira mu Saint-Laurent unatenga dzina lake kuchokera ku linga la Fort Richelieu lomwe linamangidwa pa mathiriro ake mu 1642. Mdzukulu wake wamkazi, mwana wa mlongo wake, Duchesse d'Aiguillon, ndi amene anapereka ndalama zoyambitsira chipatala cha Hôtel-Dieu ku Québec mu 1639. Koma mbali ina yomwe omutamanda satchula kawirikawiri ndi ya zilumba za Caribbean. Kampani ina yomwe iye anali kumbuyo kwake ndi imene inalanda Guadeloupe ndi Martinique mu 1635, eni nthaka anaphedwa ndi kuthamangitsidwa, ndipo zilumba zimenezi ndi zomwe zinadzakhala minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Chimenechonso ndi cholowa chake, tisachibise pansi pa mphasa.

Komano kunena zoona, anthu ambiri padziko lapansi sadziwa Richelieu chifukwa cha zonsezi. Amamudziwa chifukwa cha Alexandre Dumas, yemwe mu 1844, patatha zaka 200, anatulutsa buku la Les Trois Mousquetaires nkumuyikamo ngati mdani wa anyamata ake a malupanga. Munthu wolipira olemba mbiri, woyang'anira nyuzipepala, wokhazikitsa bungwe la olemba, anagonja kwa wolemba nthano mmodzi wolembera nyuzipepala kuti apeze ya ndiwo. Ndipo m'bukumo sali woipa kotheratu ayi, ndi mdani wanzeru wodziwa kulemekeza wolimba mtima, kumapeto amamukweza d'Artagnan, mmodzi mwa anyamatawo, pa udindo. Ndi mafilimu omwe anadzamusandutsa mfiti yeniyeni, wofuna kulanda mpando wa mfumu, chinthu chomwe munthu weniweniyo sakanachilota nkomwe poti popanda Louis iye sanali kanthu. Pamwamba pa izi pali tinkhani tambirimbiri tomwe anthu anamumata, akuti ankaweta amphaka 14, akuti ndi iye analamula kuti mipeni ya patebulo ikhale yobuntha kunsonga poti alendo ankatokosera mano. Tinkhani totere timakoma pocheza, ine ndimatitenga ngati nthano basi.

Poti anali wansembe analibe mwana womulowa m'malo, ndiye udindo wa Duke wa Richelieu, womwe mfumu inamupatsa, unapita kwa mdzukulu wa mlongo wake, wa banja la Vignerot, yemwe anatenga dzina la du Plessis. Mwana wa ameneyu, Louis François Armand, anali chosemphana ndi kadinala pa chilichonse. Anakhala zaka 92, kuyambira 1696 mpaka 1788, anatsekeredwa ku ndende ya Bastille katatu, kamodzi chifukwa cha kumenyana ndi malupanga komwe kadinala ankadulira anthu mitu kuja, anatchuka ndi nkhani za akazi mpaka ukalamba, komanso anali mkulu wa asilikali yemwe analanda chilumba cha Minorca kwa Angelezi mu 1756. Nthano ina imati mayonezi anayambira pa phwando lake ku doko la Mahón, inanso yoti muimve ndi khutu limodzi.

Koma Richelieu yemwe ine ndimamupatsa ulemu ndi mdzukulu wa mkulu wa asilikaliyu, Armand-Emmanuel, Duke wachisanu, wobadwa mu 1766. Chipolowe cha ku France chitamulanda zonse anathawira ku Russia nkulowa usilikali kumeneko, ndipo mu 1803 mfumu Alexander I inamupatsa kuti ayang'anire Odesa, panthawiyo kadoko kafumbi ka anthu masauzande ochepa chabe pa Black Sea. M'zaka 11 anakasandutsa mzinda weniweni, anakopa amalonda a mitundu yonse, Agiriki, Ataliyana, Ayuda, Ajeremani, anachepetsa misonkho ya padoko, anamanga masukulu ndi holo ya zisudzo, ndipo mliri utagwa mu 1812 sanathawe, anakhala momwemo kuyendetsa ntchito yolimbana nawo. Napoleon atagwa anabwerera kwawo, anakhala nduna yaikulu ya France kawiri, 1815 mpaka 1818 kenako 1820 mpaka 1821, ndipo ndi iye amene pa msonkhano wa Aix-la-Chapelle mu 1818 anakambirana kuti asilikali akunja omwe ankalondera France achoke nthawi isanakwane. Anachoka pa mpando alibe chuma, aphungu atamuvotera ndalama zothokoza iye anazipereka ku chipatala ku Bordeaux. Yerekezani ndi ma livre 20 miliyoni aja. Anthu a ku Odesa anasonkha ndalama nkumuyikira chiboliboli mu 1828 pamwamba pa masitepe otchuka otsikira kudoko, amangomutcha kuti Duke, ndipo nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakula mu 2022 anthu a mumzindawo anachikwirira ndi matumba a mchenga kuti mabomba asachiwononge. Ndiye malo omwe dzina la Richelieu limakondedwa ndi mtima wonse si ku France, ndipo wokondedwayo si kadinala.

Sitima yankhondo ija nayo ili ndi mbiri yokhotakhota ngati mwini dzina. Inamangidwa ku Brest, inalowa m'madzi mu 1939, ndi mizinga ikuluikulu 8 ya mamilimita 380 yonse yoyikidwa kutsogolo. Pamene France inkagonja kwa Germany mu Juni 1940, sitimayo inathawira ku Dakar isanamalizidwe bwinobwino, kumeneko Angelezi anaiwombera mu Julayi poopa kuti igwa m'manja mwa Hitler, ndipo mu Sepitembala inawombera sitima za Angelezi ndi za de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa okana kugonja, zomwe zinabwera kudzalanda doko. Kenako mphepo itasintha inapita ku New York mu 1943 kukakonzedwa, nkubwerako ikumenya nkhondo limodzi ndi Angelezi omwewo ku Indian Ocean. Kusintha abwenzi malinga ndi zofuna za France, kadinala akanavomereza ndithu. Inaphwasulidwa mu 1968.

Mbali ya Louvre ija poyamba munali unduna wa zachuma, anaitsegula ngati malo oonetsera zinthu zakale mu 1993. Laibulale yakale ya dziko imatchedwa Richelieu chifukwa chongokhala mu msewu wa dzinalo, ndipo nyumbayo kwenikweni inali ya Mazarin, ndiye apa kadinala wathu anadyerapo za mnzake. Pali ngakhale mtundu wa zopeta nsalu, zija zodula timabowo, womwe umatchedwa richelieu.

Banjalo lokha linatha. Duke wachisanu uja analibe ana, udindo unadutsira kwa ana a mlongo wake a banja la Jumilhac, ndipo Duke womaliza, wachisanu ndi chitatu, yemwe mayi ake Alice Heine anabadwira ku New Orleans nkudzakhala mkazi wa kalonga wa Monaco, anamwalira mu 1952 wopanda mwana. Asanamwalire, mu 1930, anapereka malo onse pomwe panali nyumba yachifumu ija kwa yunivesite ya Paris, ndipo lero ndi paki yomwe anthu amakayendamo.